Tchire la Amake Jenifa

Elenala anapitirira pakhomo pake. Anali atasenza dengu la shuga, ufa wa mandasi ndi masamba a tiyi kuchokera kumsika, maso ali pansi poopa kupunthwa, ndipo atadzutsa mutu kuti akhote pomwe amakhotera masiku onse, sanapazindikire. Anayendanso mapazi khumi n'kuima. Kachisakasa kake kogulitsira tomato kanali pomwepo, m'mbali mwa msewu wa ku Kachulu. Mtengo wa mango nawo sunasunthe. Koma kuchokera pamsewu mpaka pakhonde, pomwe m'mawa womwewo anasiya maluwa ofika m'chiuno, ofiira, oyera ndi achikasu, panali mbee, dothi lokhalokha, losesedwa bwino mpaka mizere ya tsache kuoneka. M'mbali mwa kanjira munali mutandandalikidwa miyala yopaka laimu.

Amuna ake, a Harry, anali pampando wa ndalema pansi pa mango, khasu lili pambali, thukuta likuuma m'malaya. Ankamwetulira ngati mwana amene watsuka mbale asanatumidwe.

"Mwabwerako, amake Jenifa? Taonani pakhomo panu. Alendo aja abwere tsopano."

Elenala anatula dengu pansi pang'onopang'ono.

"Maluwa anga ali kuti?"

"Tchire lija? Ndaunjika kuseri kwa khola, likauma titentha. Ndayamba mutangotuluka, sindinapume. Munali njoka ziwiri mmenemo, mukudziwa?"

A Harry sanali munthu woipa, ndipo izi n'zimene zinapweteka kwambiri. Anali atangotha masabata atatu chibwerereni ku Joni, komwe anakhala zaka zinayi kumigodi, ndipo anabwera ndi wayilesi, jekete lolemera ndi chikhulupiriro chakuti malo aulemu ndi oyera ngati bwalo la kukomponi. Komanso ndani kuno amene sadziwa kuti mlendo akamabwera pakhomo pamalimidwa ndi kusesedwa? Udzu pabwalo ndi manyazi a mwamuna wa pakhomopo. Maluwawo anawapeza atabzalidwa kale, ndipo tsiku lililonse ankawadutsa akupukusa mutu, koma poti mkamwini salamula dothi la eni, anangokhala chete.

Elenala mbewu zake anapatsidwa ndi mkulu wina wosamalira maluwa panyumba ina ku Zomba, komwe ankakagulitsako mpunga wa ku Likangala. Anaziwaza mongoyesa, ndipo zinamera ngati zakwawo. Mvula ikatha, mwezi wa Epulo ndi Meyi, aphunzitsi a kukoleji ndi azungu opita kunyanja kukaona mbalame ankaimitsa magalimoto awo Loweruka, n'kulowa m'maluwamo, kujambulana, kenako n'kugula tomato, nkhaka ndi maluwa omwe iye ankaika m'zitini za madzi pakachisakasa. Amuna ake anali asanaone zimenezi, chifukwa Loweruka lililonse chibwerereni ankalawirira kukachezera abale awo ku Kuntumanji. Ndipo iye sanawauze. Ankaopa kusekedwa kuti mayi wamkulu akulima zosadyeka.

Choopsa chenicheni chinali m'kalata imene inali pachifuwa pake, yomangidwa pakansalu pamodzi ndi khadi la chipani. Inachokera kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Jenifa, amene ankaphunzira unamwino ku Zomba. A Harry sankadziwa kuwerenga, choncho Lachiwiri lija Elenala anawawerengera mokweza kuti Loweruka Jenifa abwera pagalimoto ya sukulu ndi anzake khumi ndi awiri. Pomwepo anapinda kalata. Mizere yotsatira anaidumpha, ndipo inali yakuti: "Amayi, kuno anzanga amanditchula Matemba, ati kwathu kumangonunkha nsomba. Ine ndawauza kuti pakhomo pa amayi anga pali maluwa oti ngakhale ku Zomba kulibe, ndiye akuti akufuna adzaone okha. Chonde musathyole ambiri sabata ino."

Loweruka lake linali mawa.

"Bambo a Jenifa," anatero Elenala, "alendowo akubwerera maluwa omwewo. Mwana wanu anawalonjeza."

Kumwetulira kuja kunazimirira pang'onopang'ono.

"Akubwera ulendo wonsewu kudzaona udzu?"

"Si udzu."

"Nanga m'kalata muja munalibe zimenezo bwanji?"

Elenala anatembenuka. Anapita kuseri kwa khola. Mulu unali pomwepo, wamtali kufika m'mapewa, maluwa atafota ndi dzuwa la tsiku lonse, ena mizu ili m'mwamba. Anagwada n'kuyamba kusankha amene anali pansi pamthunzi, koma pa khumi alionse ankapezapo limodzi lokha loti lingadzuke m'madzi. Misozi inatsika yokha. Sankalirira maluwa ayi, maluwa amameranso. Ankaona nkhope ya mwana wake akutsika galimoto pamaso pa anzake aja, atasanduka wabodza.

Anampeza ali choncho ndi Asiyatu, mnzake wa khomo loyandikana, amene amuna ake, Che Rajabu, anali ndi mabwato awiri padooko laling'ono kuseri kwa minda ya mpunga. Asiyatu anabwera kudzapempha mchere, koma ataona bwalo anaiwala za mcherewo.

"Che Harry, mwatani pano? Mukufuna ndege ya Wenela, yonyamula anthu opita kumigodi ija, izitera pompano?"

A Harry anangoyang'ana pansi.

"Safunsa adadya phula, achimwene," anawonjezera Asiyatu.

"Nanga sanena uja adadya chiyani?" anayankha a Harry motsitsa mawu, akuyang'ana cha kukhola.

Asiyatu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma atafika kuseri kwa khola n'kuona maso a mnzake, anasiya. Anakhala pansi pambali pake, n'kumvetsera nkhani yonse ya kalata.

"Madzi akatayika sawoleka, amake Jenifa. Awa ndiye apita. Koma ngati ana a eni akufuna maluwa, bwanji osawatengera kudambo? Kuseri kwa njedza uko akakombo adzaza, madzi osaoneka. Bambo a kwathu amachita kutukwana tsiku lililonse kuti akuwakola maukonde."

"Ku nyika?" Elenala anatembenuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Ndikaonetse alendo a mwana wanga chakudya cha njala?"

Asiyatu ankadziwa chimene mnzakeyo ankanena, chifukwa anali limodzi. Chaka chimene nyanja inauma, pansi pake n'kung'ambika ming'alu, chimanga chitakanika, amayi onse a m'mbali muno ankalawirira kumatope otsala kukakumba nyika, timizu tozungulira ta akakombo, takuda kunja, tomwe ukaphika timangodzaza m'mimba basi. Elenala anadyetsa Jenifa zimenezo miyezi inayi. Chichokereni nthawi imeneyo, akamadutsa pamene pamera akakombo ankayang'ana kumbali.

"Akumutchula kale Matemba," anapitiriza Elenala. "Mukufuna abwerere akumutchula Nyika?"

"Iwo akaona duwa pamwamba. Za pansi pamatope awauza ndani? Inu ndi ine tikatseka pakamwa, nkhani yatha."

A Harry anali ataima pakona ya khola, chipewa chili m'manja. Kaya anamva zingati, Elenala sanadziwe.

"Mabwato a Che Rajabu angapezeke mawa?" anafunsa.

"Pitani mukawafunse dzuwa lisanalowe. Koma akakombo ndi a m'mawa, dzuwa likafika pamutu amatseka. Ndipo khasulo mulisiye kuno, Che Harry, mungakatilimirenso nyanja."

Elenala sanavomere, sanakanenso. Anatola timaluwa take tokwana zitini zitatu n'kukatiika pamthunzi. Madzulo amenewo anakanda ufa wa mandasi osalankhula ndi munthu.

Galimoto inafika m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, lole yaing'ono yokhala ndi mabenchi kumbuyo, atsikana akuimba. Elenala anaima pakachisakasa atavala chitenje chake chatsopano. Anali atayala tomato, nkhaka, mbatata ndi mpunga m'timilu, zitini zitatu zija zili kutsogolo ngati ana amasiye. Jenifa ndiye anayamba kudumpha, akuseka. Anathamanga mapazi atatu n'kuima, monga momwe anaimira mayi ake dzulo lake.

Anzake anatsika mmodzimmodzi, pambuyo pake a Sisitala owayang'anira, mayi wonenepa wa ambulera. Onse anayang'ana bwalo loyera lija ndi miyala yake. Panali mtsikana wina wamtali, wa nsapato zazitali zosayenera msewu wa fumbi, dzina lake Virginia, amene ankadziwika pasukulu kuti ndi wa ku Blantyre ndipo sankalola kuti wina aiwale.

"Matemba," anatero Virginia mokoma, "maluwa aja ndi miyala yoyerayi? Koma ndiye ndi okongola. Amathiriridwa kangati pa tsiku?"

Ena anaseka chobisa. Jenifa anayang'ana mayi ake, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali funso lokha. Elenala akanakonda kukalipiridwa.

Apo a Harry anatulukira kuchokera kukhonde atavala jekete la ku Joni lija ngakhale kunkatentha. Anavula chipewa pamaso pa ana oti akanatha kuwabereka.

"Takulandirani, a Sisitala, ndi inu nonse ana anga. Ine ndine bambo ake a Jenifa. Mwanayu sananame. Maluwa analipo mpaka dzulo m'mawa, kuchokera apa mpaka apo, ofika m'chiuno. Ndinalima ndine ndi khasu langa, poti ndimati ndikukonzera alendo. Mulu wake uli kuseri kwa khola, amene akufuna umboni akaone. Mukaseka, sekani ine."

Mwamuna wamkulu kudzitsitsa chotero pamaso pa atsikana si chinthu chimene anthu amachiona kawirikawiri. A Sisitala ndiwo anayamba kuseka, kuseka kwabwino.

"Bambo, mukanakhala achimwene anga. Iwonso anadula mpesa wa Abambo a parishi, ati ukubisa njoka."

"Njoka zinalimo ziwiri," anatero a Harry motsimikiza, ndipo tsopano onse anaseka, ngakhale Jenifa.

A Harry anayang'ana mkazi wawo. Sananene za kudambo, anamusiyira mwini wake. Elenala anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ananso mwana wake.

"Alipo maluwa ena," anatero. "Koma amenewo sindinabzale ndine. Vulani nsapato, tiyende msanga asanatseke."

Anadutsa m'mizere ya minda ya mpunga umene unali utayamba kucha, atsikana akuterereka ndi kukuwa, a Sisitala akuwachenjeza za likodzo kuti aliyense asaviike mwendo dala. Padooko anapeza Che Rajabu ndi Asiyatu akudikira ndi mabwato awiri aakulu. Che Rajabu anatenga lina, a Harry lina, aliyense ndi nsungwi yake yokankhira. Analowa m'kanjira kopapatiza pakati pa njedza zazitali, momwe munali mdima ndi udzudzu, ndipo Virginia anayamba kudandaula za fungo la matope. Kenako njedza zinatha mwadzidzidzi.

Kutsogolo kwawo madzi sankaoneka. Panali masamba obiriwira oyandama, ndipo pamwamba pake akakombo obiriwira ngati mtambo ndi ena oyera, zikwizikwi, onse atayang'ana dzuwa, mpaka kutali komwe phiri la Chisi linkaonekera. Timbalame ta miyendo yaitali tinkayenda pamasambapo osamira. Nyimbo ndi macheza zinatha zokha. Elenala, amene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri osafuna kuwayang'ana, anadabwa kuona kuti ndi okongoladi, ndipo anachita manyazi ndi kudabwa kwakeko.

"Jenifa," anatero mtsikana wina chapansipansi, "iwe umachoka kuno n'kumakakhala ku hositelo kuja?"

Elenala anapumira m'mwamba. Zinali zitatheka, ndipo chotsala chinali kubwerera pakamwa pali chitsekere. Koma Jenifa, amene anakhala kutsogolo kwa bwato la bambo ake, anapinda mkono wa diresi, anapisa dzanja m'madzi mpaka paphewa, n'kuzula tsinde limodzi. Kumapeto kwake kunali kanthu kakuda kozungulira kodontha matope.

"Jenifa," anatero Elenala. Mwanayo anamva, koma sanabweze dzanja.

"Mukudziwa ichi? Chaka chimene nyanja inauma, ine ndili Sitandade 4, tinkadya izi. Amayi ankachoka kusanache, n'kubwera matope mpaka m'chiuno, zala zitang'ambika. Ankandiuza kuti iwo adya kale komweko. Ndinazindikira ndili wamkulu kuti kunalibe chimene ankadya komweko." Anatembenuza kanthuko m'manja. "Ndiye mukamanditchula Matemba, mumandikweza. Matemba chaka chimenecho anali a anthu olemera."

Bwato linagwedezeka. A Harry anali atasiya kukankha, nsungwi ili m'manja, akuyang'ana mkazi wawo. Chaka chimenecho iwo anali pa ulendo wawo woyamba wa ku Joni, ndipo makalata onse amene kalaliki wa kukomponi ankawawerengera ankati kuno tili bwino, mwana akukula, musadandaule. Elenala anayang'ana m'madzi.

Mtsikana wina, pofuna kuthandiza, anapisa dzanja nayenso n'kuzula tsinde lake.

"Iyo isiye, sinakhwime," anatero Virginia kuchokera m'bwato linalo. "Yokhwima imakhala yolimba, ndipo masamba ake amayamba kufiira. Ukaphika yanthete ngati imeneyo imangowawa."

Mitu yonse inatembenukira kwa iye. Asiyatu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala zopaka utoto.

"Mwanangu, ku Blantyre kuli dambo liti?"

Virginia anayang'ana zala zakezo. Kenako anaseka, koma maso atadzaza misozi.

"Ku Blantyre ndinapita ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwa amalume. Kwathu ndi ku Nsanje. Nyika ndakumba ine mpaka zikhadabo kuzuka." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Jenifa, ponya kuno ndione ngati ya kwanu kuno ikufanana ndi yathu."

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," anatero a Sisitala, osaloza munthu, akutsegula ambulera yawo.

Anabwerera dzuwa lili pamutu, akakombo akuyamba kutseka kumbuyo kwawo. Pansi pa mango anamwa tiyi ndi mandasi, ndipo pakachisakasa sipanatsale tomato kapena nkhaka. Zitini zitatu zija a Sisitala anazitenga kuti akaike m'chipinda cha odwala. Virginia anakulunga nyika ziwiri m'kampango n'kuziika m'chikwama, ndipo palibe anamufunsa. Pokwera galimoto a Sisitala anati chaka chamawa, mwezi ngati womwewu, abweranso ndi kalasi ina, ndipo akufuna adzaone zonse ziwiri, za kudambo ndi za pabwalo.

Jenifa anatsalira pang'ono, n'kugwira dzanja la mayi ake.

"Mwakwiya kuti ndanena?"

"Ndinakwiya uli pakati ponena," anayankha Elenala. "Pomwe umamaliza n'kuti zitatha. Pita, akukudikira."

Fumbi la galimoto litakhazikika, Elenala anasonkhanitsa makapu n'kuzindikira kuti amuna ake sakuoneka. Anawapeza kuseri kwa khola, jekete atalipachika pamtengo, atakhala pansi pafupi ndi mulu uja ndi lichero pamiyendo. Ankasankha mitu ya maluwa imene inali itauma kale isanalimidwe, n'kumaifikisa m'manja kuti njere zigwere m'lichero. Zala zawo zazikulu za kumigodi zinkagwira timituto mosamala kwambiri.

"Amake Jenifa, tabwerani," anatero osadzutsa mutu. Anatambasula dzanja, m'menemo muli tinjere takuda, tatitali ngati timinga. "Izi ndi maluwa kapena chisoso? Zikufanana. Ndati ndifunse."

Elenala anakhala pansi pambali pawo, n'kutola kanjere kamodzi.

"Ya chisoso ili ndi timano kunsonga, imamata pa malaya. Iyi ilibe. Iyi ndi duwa."

Anasankha limodzi kwa kanthawi, lichero likudzaza pang'onopang'ono.

"Miyezi ingati?" anafunsa a Harry.

Elenala anadziwa chimene akufunsa.

"Inayi."

"Ine ndikudya nyama Lamlungu lililonse kukomponi." Anapukusa mutu. "Mukanalemba."

"Mukanatani muli kutali? Mukanangodwala ndi maganizo."

"Ndikanadwala, inde. Ndi mwana wanganso."

Elenala sanatsutse. Anapukuta manja pachitenje, anapisa pachifuwa, n'kumasula kansalu kaja. Anatambasula kalata ya Jenifa pabondo, n'kuisalaza ndi chikhatho pomwe inapindika.

"Ikani lichero pansi, bambo a Jenifa," anatero. "Ndikuwerengereni kuyambira pamwamba."

Ndipo anawerenga yonse, mzere ndi mzere, mpaka pa dzina la mwana wawo.